Wagwada Pakati pa Nkhumba

Malingaliro a sabata ino pa Luka 15:1-3, 11-32



Lachisanu lapitali, titatsiriza Njira ya Mtanda, mvula inatitsekereza pakhonde la tchalitchi. Tili chidikirire kuti ikate, mmodzi mwa ife anatulutsa m'Baibulo lake pepala limene anakasindikizitsa ku Mponela atalipeza pa intaneti. Panali chithunzi chakalekale, chopanda utoto, cha mizere yakuda papepala loyera. Poyamba tinachiseka. Wina anati mwina nchochokera kwa alangizi a ziweto, chophunzitsira kawetedwe ka nkhumba. Wina anati nyumba zake zikungofanana ndi zigafa za fodya zimene zatha ndi chiswe. Koma pepala lija litayenda m'manja mwa aliyense, kuseka kunayamba kuzilala, mpaka mtsikana wina wa m'kwaya anati: “Komatu munthuyu akupemphera.” Pamenepo tonse tinangoti zii. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo tsiku limenelo mvula ndiyo inatidekhetsa.

Chithunzicho ncha mwana wolowerera, uja timamumva m'mutu 15 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka Woyera. Fanizoli limawerengedwa pa Misa Loweruka la sabata yachiwiri ya Lenti chaka chilichonse, ndiponso Lamulungu lachinayi la Lenti m'Chaka C. Tonse timalidziwa kuyambira tili ana a Tilitonse. Vuto la nkhani yodziwika kwambiri nlakuti makutu amaizolowera: wansembe akangoyamba kuwerenga, ife tafika kale kumapeto, kumene kuli mwanawang'ombe wonenepa ndi magule. Chithunzichi chinatiimitsa pakati pa njira, pamalo pamene sitikonda kuimapo. Tikukhulupirira kuti chili ndi mawu kwa ife achinyamata a kuno ku Dowa: kubwerera kwa Mulungu kumayambira m'khola momwemo, munthu asanasambe. Tsono ngati ife tingamadikire pakhomo la tchalitchi anthu osamba kale okhaokha, anzathu ambiri sadzafika.

Mmisiri wake ndani?

Amene adakonza chithunzichi ndi Albrecht Dürer, mmisiri wa mumzinda wa Nuremberg, m'dziko limene lero timalitcha Germany. Adabadwa m'chaka cha 1471 namwalira mu 1528. Adakhala ndi moyo m'nyengo imene olemba mbiri amaitcha Renaissance, mawu otanthauza kubadwanso, chifukwa luso la zojambula ndi maphunziro zidaphukanso mwamphamvu ku Ulaya. Bambo ake anali mmisiri wosula zinthu zagolide, ndipo kwa iwo nkumene mnyamatayu adaphunzirira kugwira tizitsulo tosongoka mosanjenjemera dzanja. Mu 1490 adachoka kwawo nakhala zaka zinayi akuyenda m'mizinda ya eni, kuphunzira ntchito kwa amisiri ena. Adabwerera mu 1494 nakwatira Agnes Frey. Chithunzi chathuchi adachikonza cha m'ma 1496, ali ndi zaka pafupifupi 25. Mfundo imeneyi tisaiiwale. Amene akutilankhula pano ndi wachinyamata wa msinkhu wathu, amene iyenso adalawako moyo wa kutali ndi kwawo.

Chithunzichi sadachijambule ndi pensulo kapena utoto. Adatenga chitsulo chaphanthiphanthi cha mkuwa, chosalala ngati galasi, nayamba kuzokotapo mizere ndi kachitsulo kakuthwa nsonga, kukankha ndi chikhatho pang'onopang'ono. Atatha, ankapaka inki pamkuwapo nkupukuta pamwamba, kuti inkiyo itsalire m'mizere mokhamokha. Kenaka ankaikapo pepala lachinyezi nkulipanikiza ndi makina, ndipo pepalalo linkatuluka litanyamula chithunzi. Zili ngati chidindo cha amfumu a m'mudzi: cholembedwa kumanja pachidindo chimatuluka kumanzere papepala, kotero mmisiri ayenera kuganiza chilichonse chotembenuza. Ntchito yotere ilibe chofufutira chapafupi. Ubweya uliwonse pamsana pa nkhumba, udzu uliwonse padenga, ndi mzere umene dzanja lidaukumba mumkuwa. Nchifukwa chake tili ndi ufulu wofunsa tanthauzo la kanthu kalikonse kali pamenepo, pakuti munthu sataya thukuta lotere pa zinthu zimene sakuzifuna.

Kuchokera pamkuwa umodzi ankatha kudinda mapepala ambirimbiri, ndipo mkazi wake ndi amayi ake ankathandiza kugulitsa zithunzi zotere m'misika. Ichi nchaching'ono: masentimita pafupifupi 25 m'litali ndi 19 m'lifupi, chochepera pepala la A4. Chidakonzedwa kuti munthu achigwire m'manja, monga tinachitira ife pakhonde paja. Chidatchuka mpaka ku Italy, kumene Giorgio Vasari, wolemba mbiri ya amisiri, adachiyamikira mu 1568, natchula makamaka kukongola kwa nyumba zakumudzi zija ife tinaziyesa zigafa.

Tiyeni tichiyang'ane

Pakati pa chithunzi pali mnyamata wa tsitsi lalitali lopotanapotana, atagwada pamulu wa manyowa. Manja wawaphatikiza molimba, ndodo yake yowetera ili chitsamire pamkono. Nkhumba zikuluzikulu, za ubweya woimirira ngati wa nguluwe, zamuzungulira, zikulimbirana chakudya m'chodyeramo chimodzi. Patsogolo pali tiana tankhumba, natonso tikufuna komweko. Nkhumbazo sizikusamala za iye. Kumbuyo kuli nyumba za pafamu zothithikana, za madenga osongoka, zipupa zina zitang'aluka, zooneka kuti eni ake adaleka kuzisamala. Pali tambala akupalasa, ndi abakha m'mbali mwa dziwe. Munthu wina aliyense palibe.

Tsono tsatirani maso ake. Nkhumba zaweramira pansi kufuna chodya, iye yekha wakweza nkhope. Mukatsata kumene wayang'ana, kupitirira madenga aja, mupeza katchalitchi kakang'ono chakumtunda kudzanja lamanja, kobisika pakati pa nyumba zinazo, kotero kuti munthu wothamanga sangakaone. Za tambala uja, sitinganene zimene mmisiriyo ankaganiza, koma ife tinakumbukira Petro, amene kulira kwa tambala kudamugwetsa misozi m'mutu 22 wa Luka yemweyu.

Zimene palibe nazonso zikulankhula. Phwando palibe. Mkanjo, mphete ndi nsapato palibe. Ngakhale moyo wachitayiko uja, umene amisiri ambiri ankakonda kuujambula chifukwa umakopa maso, palibe. Koposa zonse, bambo wa mnyamatayo palibe. Adamupatsa gawo lake namulola kupita, monga umanenera mwambi uja kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere yekha. Chithunzi cha fanizoli chimene ambiri tidachionapo pa makalendala ndi cha Rembrandt, cha m'ma 1668, chimene chimasungidwa ku St Petersburg: nkhalamba itasanjika manja pamsana pa mwana wake. Nchokoma ndipo chimatonthoza. Koma Dürer adasankha mphindi ina, ya pa ndime 17 mpaka 19, pamene mnyamatayo ali yekhayekha ndipo sakudziwa ngati kwawo akamulandira.

Luka Woyera sanena kuti mnyamatayo adagwada m'kholamo. Amangotiuza kuti adalingalira za antchito a bambo ake, amene ankadya nkusiyako, nakonza mawu oti akanene. Mawu a Chigriki amene Luka adalemba pamenepa amapereka chithunzi cha munthu wobwerera mwa iye mwini, ngati kuti nthawi yonseyi anali atachokamo. Kugwadako ndi ulaliki wa Dürer. Iye akutiuza kuti kulingalira kuja kunali kale pemphero, ndipo kuti ulendo wobwerera udayamba mapazi asanasunthe. Anthu a m'mudzimo akadadutsa pamenepo, akadangoona mbusa wa nkhumba wauve. Mulungu ankaona mwana amene wanyamuka kale.

Palestina wa madenga a ku Germany

Chinthu china chodabwitsa nchakuti nyumba zimenezi si za ku Palestina. Ndi za alimi a kwawo kwa Dürer, ndipo akatswiri ena amati adatengera famu ya Himpfelshof imene inali kunja pang'ono kwa Nuremberg. Nakonso katchalitchi kaja: pamene Ambuye Yesu ankaphera anthu fanizoli, kunalibe tchalitchi nchimodzi chomwe. Kodi mmisiriyo adalakwitsa? Iyayi. Adachita dala, kuti munthu wa ku Nuremberg akagwira pepalalo asanene kuti izi nzakale za Ayuda, koma azindikire mudzi umene amadutsamo popita kumsika.

Kwa ife Amalawi nzeru imeneyi si yachilendo. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni, amene adayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher a chipani cha White Fathers. Amisiri a kumeneko akhala akusema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu, zovala zathu ndi ziwiya zathu. Ntchito ya manja awo idafika mpaka ku Munich, m'chigawo cha Bavaria momwenso muli Nuremberg, kumene zosema zawo zidakongoletsa nyumba yopemphereramo ya bungwe la Missio. Dürer adaika Mthenga Wabwino pamudzi wa Chijeremani. Ana a ku Mua adauika pamudzi wa Chimalawi nkukauonetsa kwa anthu a mtundu wake.

Tsono nafenso tichite zomwezo. Tikadapatsidwa mkuwa ndi kachitsulo kaja, tikadazokota chiyani? Dziko lakutali lija silifuna pasipoti. Likhoza kukhala m'chipinda chogona alendo pa Mponela m'mwezi wa Meyi, pamene ndalama za fodya wa chaka chonse, amene amayi ndi alongo adasoka mpaka zala kuchita matuza, zikutha m'masiku anayi. Likhoza kukhala m'kachipinda ka lendi kwa Mgona kapena kwa Chinsapo mu Lilongwe, mogona mnyamata amene adagulitsa dimba la amayi ake mwakabisira kuti agule njinga yamoto ya kabaza, njingayo nkupita ndi katapila. Likhoza kukhala m'foni imene ili m'thumba mwathumu, momwe ndalama ya fizi yathera pa kubetcha mpira wa ku England. Kumbuyo kwa chithunzi chathu kukadakhala mapiri a Dowa ndi nkhalango ya Ntchisi, zigafa, nkhokwe yopanda kanthu, ndi katchalitchi ka kumudzi ka malata adzimbiri. Ndipo wogwadayo tikadamudziwa dzina. Mwina tidaimba naye kwaya. Mwina ndi ife tomwe.

Kodi si njala chabe?

Pakhonde paja, mmodzi mwa ife amene sachedwa kufunsa anati: “Anzanga, tisanamizane. Mnyamatayu sadalape. Ndalama zikadapanda kutha, njala ikadapanda kugwa, bwenzi akadali komweko. Chidamubweza ndi mimba.” Funso limeneli nlolemera ndipo sitiyenera kulithawa, pakuti nzoona kuti m'fanizomo ganizo lake loyamba ndi la chakudya.

Ife a m'chigawo chapakati njala timaidziwa. Ena tinali ana, ena tidangomva kwa makolo, za chaka cha 2002, pamene anthu m'midzi yathu ino adadya gaga amene nthawi zonse timapatsa nkhumba, ena mpaka kukumba mizu ya nthochi. Tikamva kuti mnyamata uja ankalakalaka makoko a nkhumba koma panalibe womupatsa, sitifuna womasulira. Tikudziwanso kuti njala payokha siyeretsa munthu. Ena idawaphunzitsa kugawana, ena idawaphunzitsa kuba. Mnyamata uja akadatha kuba kamwana ka nkhumba kamodzi nkukagulitsa. Akadatha kupitirira kudziko lina lakutali koposa. Akadatha kungogona pomwepo nkudzifera ndi manyazi. Njala idangomufikitsa pamphambano. Njira ya kwawo adaisankha chifukwa adakumbukira kuti bambo ake ndi munthu wotani: munthu amene ngakhale aganyu ake amakhuta.

Mpingo umaphunzitsa momveka bwino pankhaniyi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1451 mpaka 1453, amasiyanitsa mitundu iwiri ya chisoni cha machimo. Pali chisoni changwiro, chochokera m'kukonda Mulungu koposa zonse. Palinso chisoni choperewera, chobadwa poona kunyansa kwa tchimo kapena poopa chilango. Katekisimu amanena kuti chachiwirichi nachonso ndi mphatso ya Mulungu, ntchito ya Mzimu Woyera, ndipo chimakonzetsera munthu kulandira chikhululukiro m'Sakramenti la Kulapa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene adatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, adalongosola m'kalata yake ya Dives in Misericordia ya 1980 kuti kuseri kwa njala ya chakudya ija kudabisala chinthu chozama: kuzindikira kuti wataya ulemu wake wa mwana m'nyumba ya bambo ake. Dürer adaonetsa zonse ziwiri m'thupi limodzi. Mawondo ali m'ndowe, pafupi ndi chodyeramo nkhumba, maso ali kumwamba.

Choncho kwa iwe mnzathu amene ukuti udzabwerera ukadzakonza kaye zinthu, ukadzapeza ndalama zobwezera zimene udatenga, ukadzaleka mowa, ukadzagula malaya abwino, chithunzichi chikuti gwada pomwe ulipo. Mnyamata uja adanyamuka ndi fungo la nkhumba lomwelo, ndipo zovala adakazipeza kwawo. Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Machenjezo awiri

Tisanapitirire, tichenjezane pa zinthu ziwiri kuti chithunzichi chisativulazitse anzathu. Choyamba, nkhumba. Kwa Ayuda amene ankamva fanizoli, nkhumba inali nyama yodetsedwa malinga ndi Levitiko 11:7, ndipo kuiweta kunali kufika pansi penipeni. Kwathu kuno nkhumba ndi chuma: imalipira fizi, imagula feteleza, imafolera nyumba. Wachinyamata amene akudzuka m'mamawa kukasesa m'khola asachite manyazi, pakuti thukuta lake nloyera. Chonyansa m'fanizoli ndi kumwaza zimene ena adavutikira, nkudziiwala kuti ndiwe mwana wa yani.

Chachiwiri, si aliyense amene ali kutali ndi kwawo ali wolowerera. Anzathu ambiri ali ku Joni, ena m'maesiteti a fodya ku Kasungu, chifukwa munda wachepa ndipo ntchito kulibe, ndipo ndi iwo amene akudyetsa makomo ambiri m'midzi yathu. Ena adabwerako chimanjamanja pa mabasi mu 2008 ndi mu 2015, pothawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa. Iwowo sadachimwire munthu. Ndipo m'boma lathu lomwe lino, ku Dzaleka, kumene kwakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, kuli achinyamata amene kwa iwo dziko lakutali ndi Dowa wathu yemweyu. Tisamale kuti tisafanane ndi mwini nkhumba uja, amene adagwiritsa mlendo ntchito osalabadira kuti wadya kapena ayi. Komabe pali chingwe chimodzi chimene chimamanga wochimwa ndi wosauka pamodzi, ndicho manyazi. Onse awiri amaopa maso athu.

Ife taima pati?

Tanena kuti pabwalo lija palibe munthu wina. Komabe alipo mmodzi amene akumuona mnyamatayo ali chigwadire: ndi uja wagwira pepala. Dürer watiika ife pamenepo, pafupi kwambiri, moti tikuona chimene mudzi wonse sukuona. Funso nlakuti tichita nacho chiyani.

Tikumbukire kuti Ambuye Yesu sadaphere fanizoli anthu a m'mabala. Ndime ziwiri zoyambirira za mutuwu zikuonetsa kuti ankayankha Afarisi ndi aphunzitsi a Malamulo, anthu opemphera, amene ankang'ung'udza poona kuti akudya ndi ochimwa. Nchifukwa chake nkhaniyi siithera paphwando. Imathera panja, bambo akupembedzera mwana wamkulu amene wakana kulowa. Malinga ndi Deuteronomo 21:17, mwana wachisamba ankalandira magawo awiri a chuma, kotero mkuluyu sadalandidwe kanthu. Chidamupweteka nchakuti mng'ono wake sadachititsidwe manyazi mokwanira. Luka satiuza ngati adalowa. Khomo adalisiya lotsekula kuti tiyankhe ndife.

Tiulule chilungamo, abale ndi alongo. Ife a m'kwaya, otumikira pa Misa, a Legio ya Maria ndi a magulu ena, kawirikawiri ndife mwana wamkulu. Mtsikana amene adatenga pathupi ali pasukulu akalimba mtima nkudzakhala pabenchi lakumbuyo, makosi athu amatembenuka ngati kwalowa chilombo. Mnyamata wotuluka kundende akadutsa, timagwira matumba athu iye akuona. Wobwera ku Joni wopanda kanthu timamulonjera kuti: “Achimwene, galimoto mwaimika pati?” Ife timati nthabwala, koma nthabwala zotere zimayenda. Zimafika pa WhatsApp kwa uja akadali chigwadire kwa Mgona kapena ku Johannesburg, ndipo iye amawerengera: ngati uje adamuseka chotere, ine bola nkhumba zomwezi. Motero lilime lathu limatalikitsa njira imene Mulungu adaifupikitsa.

Tisamvane molakwa. Sitikunena kuti tchimo si kanthu, kapena kuti malamulo a masakramenti afewetsedwe. Zimenezo zili m'manja mwa Bambo Mfumu ndi Mpingo, ndipo wobwerera aliyense ali ndi ulendo wake woti ayende nawo, kuphatikizapo kubweza zimene adaononga monga angathere. Koma moni si wa Bambo Mfumu okha. Malo pabenchi, dzina pa gulu lokalima m'munda wa achinyamata, mpando pa msonkhano wa mphakati, zimenezi zili m'manja mwathu, ndipo sizidikira chilolezo cha wina aliyense.

Palinso zinthu zimene anzathu ambiri sadziwa, ndipo nkwabwino kuti azimve kwa ife. Kulapa sikugulidwa. Lamulo 848 la m'buku la Malamulo a Mpingo limachenjeza kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wawo, tsono amene akuopa kuti alibe kanthu m'thumba apite akakambirane ndi wansembe, asangokhala. Lamulo 983 limamanga wansembe kusunga chinsinsi cha kulapa kotheratu, moti zimene wamva sangazinene kwa makolo, kwa akuluakulu a tchalitchi, ngakhale kwa apolisi. Ndipo Lamulo 989 limatikumbutsa tonse kulapa machimo athu aakulu kamodzi pachaka mosalephera. Lamulo limeneli silisiyanitsa mwana wamkulu ndi wamng'ono.

Tikupempha tsono zinthu zitatu m'nyengo ino ya Lenti. Choyamba, aliyense wa ife ayambe ndiye kukagwada m'malo olapira, kuti pokayendera mnzake apite ngati wokhululukidwa mnzake. Chachiwiri, mphakati uliwonse ukumbukire achinyamata amene adaleka kuoneka, popanda kuwerenga maina awo pagulu, ndipo awiriawiri akawachezere kapena kuwaimbira foni, osati kukalalika, koma kukangoti takusowani. Chachitatu, wina akabwera, tisamufunse kumene anali. Ngati adzafuna kufotokoza, adzafotokoza yekha nthawi yake. Ubale ndi fupa, suola.

M'fanizo lija bambo adaona mwana wake akadali patali, kusonyeza kuti maso ake sankachoka kunjira. Adathamanga, chinthu chimene munthu wamkulu ngakhale kwathu kuno sachita pamaso pa anthu, ndipo sadalole kuti mwanayo atsirize mawu aja adawakonza m'khola opempha kukhala wantchito. Malo a bamboyo ndi a Mulungu yekha. Koma m'nkhanimo mulinso antchito, amene adatumidwa kukatenga mkanjo, mphete ndi nsapato mwamsanga, ndipo adapita osafunsa mafunso. Malo amenewo akutikwana.

Pepala lija talimata pabolodi la zidziwitso kumbuyo kwa tchalitchi. Lamulungu likudzali, Misa ikatha, musathamangire kunyumba. Imani pamenepo kwa mphindi zochepa, mufunefune katchalitchi kaja kumtunda kudzanja lamanja, kenaka mudzifunse dzina la munthu amene wagwadayo.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi “dziko lakutali” la achinyamata a m'mudzi mwathu lili kuti lero?
2. Ndi mawu kapena machitidwe ati a ife akhristu amene amaopsa anzathu kubwerera?
3. Kodi ine ndikudikira kukonza chiyani ndisanapite ku Sakramenti la Kulapa?

Tipemphere

Atate athu achifundo, Inu mumaona ana anu pamene maso a anthu safika. Yang'anani anzathu onse amene agwada kutali, m'matauni, m'maesiteti, m'ndende ndi m'maiko a eni. Alimbitseni mtima kuti anyamuke monga alili. Ifenso amene timadziyesa okhala pakhomo, tichotsereni mtima woweruza, mutipatse miyendo yopepuka pokatenga mkanjo wa mbale wathu. Amayi Maria, pothawira pa ochimwa, mutipempherere. Tikupempha izi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.